Mlendo Woitanidwa Samangidwa Chingwe

Makolo akale adali ndi mwambo wolandirira alendo umene sudalembedwe m'buku lililonse, koma aliyense ankaudziwa. Mlendo akafika pamudzi ankamulonjera, kumupatsa madzi, kumuphikira ndi kumuyalira mphasa. Tsiku lotsanzika likakwana ankamuperekeza mpaka pamphambano, namuuza kuti adzabwerenso. Padalibe mwinimudzi amene ankamanga mlendo chingwe m'mwendo, kapena kumuopseza kuti akangotuluka pachipata ndiye kuti khomo latsekeka. Wochita zotero akadatchedwa wankhanza, ndipo mudzi wake ukadasanduka bwinja.

Zimene mwinimudzi wosapita kusukulu akadachita nazo manyazi ndizo zimene maiko ena olemera akuchitira aphunzitsi ndi akatswiri a kafukufuku amene adawaitana okha kuti akagwire ntchito m'mayunivesite awo. Anthu amenewa amakhala m'maikomo pa chilolezo cha ntchito cha kanthawi. Amaloledwa kuphunzitsa, kuchiza odwala m'zipatala za mayunivesite ndi kukhoma msonkho, koma akafuna kutuluka m'dzikomo kwa masabata awiri okha, ulendo wawo umasanduka juga. Dziko limene khalidwe limeneli likuonekera poyera ndi United States of America. Chimangirizo chino chaima pa mfundo imodzi: dziko limene lalola munthu kugwira ntchito liyeneranso kumulola kupita kwawo ndi kubwerako popanda mantha. Kupereka chilolezo choyambacho n'kumana chachiwiri ndi kupanda chilungamo, ndiponso ndi kupusa.

Kuti mlanduwu umveke, ndi bwino kuyamba ndi kufotokoza mmene zinthu zimayendera. Ambiri mwa aphunzitsi achilendo m'mayunivesite a ku America amagwira ntchito pa viza yotchedwa H-1B. Viza imeneyi idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1990, ndipo imaperekedwa kwa anthu a ntchito zofuna maphunziro apamwamba. Makampani amalimbirana malo 65,000 pachaka, ndi enanso 20,000 osungira amene adatenga digiri yachiwiri ku America komweko. Koma m'chaka cha 2000 Nyumba ya Malamulo ya dzikolo idapatula mayunivesite pa chiwerengero chimenechi, kuti azilemba akatswiri achilendo popanda kulimbirana malo ndi makampani. Pochita zimenezi boma lidavomereza lokha kuti mayunivesite ake sangayende popanda alendo. Chilolezochi chimakhala cha zaka zitatu, ndipo chikhoza kuonjezedwa kufika zaka zisanu ndi chimodzi. Chimadalira wolemba ntchito amene adachipempha, kotero kuti ntchito ikatha mwadzidzidzi, mwini wake amakhala ndi masiku osapitirira 60 oti apeze ina kapena alongedze katundu.

Msampha uli apa. Chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito ndi chinthu china, ndipo chidindo cha viza cha m'pasipoti ndi chinthu chinanso. Chilolezo chimachokera ku nthambi ya boma yotchedwa USCIS, yoona za alendo okhala m'dziko. Chidindo chimachokera ku unduna woona za ubale ndi maiko ena, ndipo chimaperekedwa ku maofesi a akazembe kunja kwa America. Pomaliza pali ofesala wa pachipata cha bwalo la ndege, wa nthambi yachitatu, amene ali ndi mphamvu yobweza munthu ngakhale atanyamula mapepala onse. Mphunzitsi angathe kukhala m'dzikomo movomerezeka chidindo chake chitatha kale mphamvu, malinga ngati chilolezo chake chikadali chamoyo. Koma akangotuluka, sangalowenso popanda chidindo chatsopano. Ayenera kukapempha tsiku loonana ndi akuluakulu a ku ofesi ya kazembe, kudikira, kuyankha mafunso, ndi kudikiranso. Munthu amene dzulo lake ankaphunzitsa ana a eni dziko amaima pamzere ngati kuti dzikolo silidamuonepo n'kale lonse.

Kudikirako kulibe malire odziwika. Lamulo la dzikolo, pa ndime 221(g), limalola ofesala kuimika pempho kuti lifufuzidwenso. Akatswiri a sayansi ndi uinjiniya ndiwo amagwa kawirikawiri m'mbuna imeneyi, chifukwa boma lili ndi mndandanda wa maphunziro amene limaopa kuti angathandize adani kupanga zida. Wopempha sauzidwa chimene chikufufuzidwa, ngakhalenso tsiku limene adzayankhidwe. Ena amadikira masabata, ena miyezi. Nthawi yonseyo kalasi yake ili yopanda mphunzitsi, nyumba yake ikudya lendi, ndipo ana ake, ngati adawasiya m'mbuyo, akufunsa tsiku limene kholo lawo lidzabwere.

Choipanso n'chakuti chingwechi sichifanana kutalika kwake. Nzika za maiko ena zimalandira chidindo cha zaka zingapo, cholowera kangapo konse, pamene za maiko ena zimalandira cha miyezi yowerengeka. Mwachitsanzo, mu Julaye 2025 boma la America lidafupikitsa maviza ambiri a nzika za Nigeria kuti akhale a miyezi itatu ndi olowera kamodzi kokha. Motero aphunzitsi awiri a ofesi imodzi, a digiri yofanana ndi malipiro ofanana, amasiyana ufulu woyenda chifukwa cha malo amene mchombo wawo udagwera.

Kuonjezera pa zonsezi, malamulo amasintha munthu ali m'njira. Pa 27 Januwale 2017 Pulezidenti Donald Trump adasaina lamulo loletsa nzika za maiko asanu ndi awiri kulowa m'America kwa masiku 90. Maikowo adali Iran, Iraq, Libya, Somalia, Sudan, Syria ndi Yemen. Lamulolo lidayamba kugwira ntchito nthawi yomweyo, anthu ena ali m'ndege mumlengalenga, ndipo maviza pafupifupi 60,000 adaimitsidwa. Aphunzitsi ndi ophunzira amene adapita kwawo kutchuthi adatsekeredwa kunja. Pamene maboma a zigawo za Washington ndi Minnesota adakasuma kukhoti, mfundo ina imene oweruza adaimvera idali yakuti mayunivesite a m'zigawozo adapwetekeka, popeza antchito ndi ophunzira awo sakadatha kuyenda. Mu Juni 2020, m'nthawi ya mliri wa Covid-19, chilengezo china chidaimitsa kulowa kwa anthu ambiri ofuna maviza atsopano a H-1B, ndipo chiletsocho chidafika mpaka kumapeto kwa Malichi 2021.

Chitsanzo choonetsa bwino kuuma mtima kwa dongosololi chidachitika mu Sepitembala 2025. Lachisanu pa 19 mwezi umenewo padatuluka chilengezo chakuti pempho la H-1B lizilipiridwa madola 100,000, kuyambira Lamulungu pa 21. Mawu ake sadamveke bwino ngati akukhudzanso amene adali kale ndi viza. Makampani ndi mayunivesite adatumiza mauthenga achangu kwa antchito awo, kuti amene ali m'dziko asatuluke, ndipo amene ali kunja abwerere Loweruka lisanathe. Anthu adadukiza maulendo awo nathamangira ku mabwalo a ndege. Loweruka lomwelo boma lidafotokoza kuti ndalamazo zikukhudza mapempho atsopano okha, koma mantha adali atagwira kale ntchito yake. Patangopita miyezi itatu, mu Disembala 2025, boma lidayamba kuunika zimene opempha H-1B amalemba pa masamba a mchezo a pa intaneti, ndipo ku India masiku ambiri oonana ndi akazembe adakankhidwira miyezi ingapo kutsogolo. Amene adapita kwawo kutchuthi cha kumapeto kwa chaka adangozindikira kuti njira yobwerera yatsekeka.

Kuipa koyamba kwa dongosolo lotere kumagwera munthu mwini wake. Pakati pa anthu a mitundu yonse, ndi maudindo ochepa amene amaposa kuika maliro a kholo. Mphunzitsi amene chidindo chake chidatha akalandira uthenga wa zovuta, ayenera kusankha chimodzi mwa ziwiri: apite akaponye dothi m'manda a mayi wake n'kuika ntchito yake pachiswe, kapena akhale n'kumalira yekha m'chipinda, akuonerera mwambo wa maliro pa lamya. Palibe munthu woyenera kuikidwa pa mphambano yotere chifukwa cha chidindo. Ena amatha zaka zambiri osaponda kwawo, ndipo ana awo amakula osawadziwa agogo awo.

Wina angati abale ndiwo apite kukacheza. Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza Malawi mwachindunji. Kuyambira pa 20 Ogasiti 2025, Malawi ndi Zambia adakhala maiko oyamba amene nzika zake zidalamulidwa kupereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000 pofuna viza yokacheza ku America. Mu Disembala chaka chomwecho chilengezo china chidaika Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa mndandanda wa maiko amene maviza awo okacheza ndi okaphunzira adaimitsidwa kuyambira pa 1 Januwale 2026. Mmalawi wophunzitsa pa yunivesite ya kumeneko adatsekeredwa mbali zonse ziwiri: kuti iye abwere kumudzi ndi juga, kuti mayi wake amutsatire ndi phiri losakwereka.

Kuipa kwachiwiri kumagwera maphunziro enieniwo. Nzeru sizimera pamalo amodzi ngati mtengo. Katswiri wa malungo ayenera kupita kumene kuli udzudzu, wa miyala kumene kuli mapiri, wa mbiri yakale kumene kuli nkhokwe za zikalata, ndipo wa zinenero kumene kuli eni chinenero. Aphunzitsi a m'mayunivesite amakumananso pa misonkhano ya maiko osiyanasiyana, kumene ntchito yawo imapimidwa ndi anzawo, ndipo kukwezedwa pantchito kumadalira zimene munthu wafufuza, walemba ndi kuonetsa. Amene ali pachingwe amakana maitanidwe ndi kusiya kafukufuku wa kunja, pamene mnzake wa pasipoti ya America akukwera ndege mosadodoma. Nthawi yoweruza ntchito yawo ikafika, akuluakulu amangoona kuti mlendo wachita zochepa, osafunsa chimene chidamugwira mwendo. Kumanga munthu miyendo n'kumuuza kuti apikisane nawo pa liwiro ndi chipongwe.

Maiko osauka nawonso amataya. Katswiri wochokera ku Africa ndiye akadakhala mlatho pakati pa yunivesite yolemera imene akugwirako ntchito ndi yosauka imene idamulera. Akadamabwera pa tchuthi kudzaphunzitsa, kudzayang'anira ophunzira a digiri zapamwamba ku Zomba, ku Lusaka kapena ku Ibadan, ndi kudzagawana nzeru ndi anzake. Chingwe cha viza chimagwetsa mlatho umenewu. Dziko losauka lidataya kale mwana wake pamene adapita kukagwira ntchito kunja. Tsopano likumanidwa ngakhale nyenyeswa za nzeru zake.

Akale adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo America ndi mboni ya mwambi umenewu. Katalin Karikó adachoka ku Hungary mu 1985 kukagwira ntchito ya kafukufuku ku Philadelphia. Ntchito imene adagwira pamodzi ndi Drew Weissman pa University of Pennsylvania ndiyo idatsegula njira yopangira mitundu ina ya katemera wa Covid-19, ndipo awiriwa adalandira mphotho ya Nobel mu 2023. Dziko limene lidametedwa ndi kalumo kotere silingatchedwe lanzeru likamasautsa amene akudza ndi tilumo tina.

Alipo amene amaikira kumbuyo dongosololi, ndipo mfundo zawo ziyenera kuyankhidwa. Oyamba amati dziko lililonse lili ndi ufulu wosankha wolowa m'malire ake, ndi udindo woteteza anthu ake kwa zigawenga ndi akazitape. Zimenezi n'zoona, ndipo palibe wanzeru amene angazikane. Koma munthu amene akunenedwa pano si mlendo wosadziwika wogogoda usiku. Adafufuzidwa asanalowe, zala zake zidadindidwa, ndipo boma likudziwa kumene amagona, kumene amagwira ntchito ndi msonkho umene amakhoma. Ngati ali woopsa, akuloledwa bwanji kukhala ndi ana a eni dziko m'kalasi tsiku ndi tsiku? Ngati sali woopsa, ulendo wa masabata awiri wokaika maliro ukumusandutsa bwanji chigawenga? Kufufuza kumene kumadikira kuti munthu ayambe watuluka sikuteteza aliyense. Kumangolanga woyenda ndi kusiya wokhala, ndipo munthu wa zolinga zoipa sangavutike kukhala phee.

Achiwiri amati anthu amenewa adasankha okha, amalandira ndalama zambiri, ndipo ngati zawavuta abwerere kwawo. Mawu otere si achilendo m'makutu mwa Amalawi. Ankanenedwanso za amuna amene ankapita ku migodi ya ku South Africa pa Theba: adadinda okha chala, akulandira ndalama, tsono akudandaula chiyani? N'zoona kuti moyo wa mphunzitsi wa pa yunivesite sungafanane ndi wa munthu wokumba golide pansi pa nthaka, ndipo kuwafananitsa m'zonse kungakhale kunyoza masautso a anthu a Theba. Koma mtima wa wolemba ntchito ndi umodzimodzi: kufuna manja ndi ubongo wa munthu, osafuna kudziwa kuti munthuyo ali ndi mayi, ali ndi mudzi, ali ndi manda a makolo ake. Malipiro amagula thukuta la munthu, koma sagula umunthu wake.

Achitatu amati alendo akulanda ntchito za eni dziko. Ngati dziko laona kuti lili ndi akatswiri okwanira, lili ndi ufulu wochepetsa zilolezo poyera, kudzera m'Nyumba ya Malamulo, kuti aliyense adziwiretu asananyamuke kwawo. Koma kuitana munthu, kumupatsa ntchito, kenaka n'kumamusautsa mwakabisira kuti atope yekha, ndi njira ya munthu wamantha. Kuli ngati mwininyumba amene akuopa kuuza mlendo kuti achoke, koma usiku amamuthirira madzi pamphasa.

Mayunivesite nawonso asasambe m'manja pa mlanduwu. Zinthu zikavuta, uphungu umene ambiri amapereka kwa antchito awo achilendo ndi wakuti asayende pokhapokha patakhala chifukwa chachikulu. Uphungu wotere ndi wochenjera, koma umateteza yunivesite koposa wantchito. Yunivesite imene idatuma nthumwi kukasaka katswiri kutsidya kwa nyanja ili ndi ngongole kwa iye. Iyenera kumupezera loya pa ndalama zake, kumusungira ntchito ndi malipiro akatsekeredwa kunja, kumuonjezera nthawi yoonetsera luso lake, ndi kufulumira kumupemphera chilolezo chokhazikika. Koposa zonse, mayunivesite ayenera kulankhula ku boma ndi mawu amodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Wantchito wa chilolezo cha kanthawi sangakweze mawu yekha, chifukwa amene akumudandaula ndi yemweyo amene wagwira chidindo.

Mankhwala a nthendayi si achilendo. Kufikira mu 2004, ogwira ntchito pa H-1B ankatha kukonzetsa chidindo chawo ali m'America momwemo, pongotumiza pasipoti ku unduna. Njirayi idatsekedwa pamene padabwera lamulo lofuna kuti opempha viza azidindidwa zala. Kuyambira pa 29 Januwale mpaka pa 1 Epulo 2024 boma lidaiyesanso, koma kwa anthu osapitirira 20,000 amene maviza awo adatengedwa ku India ndi ku Canada. Palinso lamulo lolola ambiri mwa antchitowa kupita ku Canada kapena ku Mexico kwa masiku osapitirira 30 ndi kubwerako ndi chidindo chakutha. Ngati munthu sasanduka woopsa popita ku Toronto, asanduka bwanji woopsa popita ku Lilongwe?

Kuti malamulo otere angathe kufewetsedwa, umboni wake uli ku Britain. Kumeneko wantchito wachilendo wofuna chilolezo chokhazikika sayenera kukhala kunja kwa dzikolo masiku oposa 180 m'miyezi 12, ndipo akatswiri opita kunja kukachita kafukufuku ankakodwa m'lamulo limeneli. Mayunivesite atadandaula, mu 2019 boma lidasintha lamulolo kuti kwa anthu a ntchito zofuna digiri ya PhD, masiku okachita kafukufuku kunja asamawerengedwe. Chimene chidamangidwa ndi anthu chikhoza kumasulidwa ndi anthu.

Choncho zofunika ndi zitatu, ndipo palibe chimene chingagwetse dziko. Choyamba, chidindo chizikhala ndi moyo wofanana ndi wa chilolezo, ndipo chizitha kukonzedwa munthu ali m'dziko momwemo. Chachiwiri, kufufuza kulikonse kuzikhala ndi malire a masiku odziwika, ndipo wokanidwa aziuzidwa chifukwa chake. Chachitatu, lamulo latsopano lizilengezedwa nthawi ikadalipo, ndipo lisamagwere munthu amene ali kale paulendo.

Phunziro limeneli si la maiko olemera okha. Pamene Yunivesite ya Malawi idayamba kuphunzitsa mu 1965, ambiri mwa aphunzitsi ake adali ochokera kunja, ndipo mpaka lero alendo amagwira ntchito m'mayunivesite ndi m'zipatala za m'Malawi pa chilolezo cha ntchito cha kanthawi chotchedwa TEP. Wodandaula za chingwe cha kwa eni ayambe waona ngati pakhomo pake palibe chikhomo chomangirapo alendo. Mwa ophunzira a sekondale a lero mudzatuluka aphunzitsi a m'mayunivesite a kunja, komanso mudzatuluka akazembe, aphungu ndi maofesala a pachipata. Amene adzapite kunja adzayenera kudziwa kusiyana kwa chilolezo ndi chidindo asanagule tikiti yobwerera kumudzi. Amene adzagwire chidindo adzayenera kukumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali mawu akuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Mawuwa ndi oona kwa mbuzi. Mphunzitsi amene wasiya dziko lake kukatumikira ana a dziko lina si chiweto choti mwini aziyesa kutalika kwa chingwe chake monga mwa kufuna kwake. Dziko limene likudya zipatso za nzeru zake limulole kukaika mayi wake ndi kubwerera m'kalasi Lolemba.